Ntchito Yapezeka, Nyumba Ikupita

Lachinayi madzulo. Mutu ukulemera.

Foni inalira ndili mushopu ya achimwene ku Limbe, ndikuyezera kasitomala misomali. Kampani ya ndege imene ndinafunsirako ntchito ija yati mayeso ndakhoza. Ndisanamalize n'kuthokoza komwe, bambo woimbayo anati laisensi yanga ndi ya ndege zing'onozing'ono, zawo n'zazikulu. Ndikaphunzire kaye kuyendetsa mtundu umenewo ku Joni, ndi ndalama zanga. Andipatsa masabata atatu kuti ndipeze ndalamazo.

Ndinafunsa kuti, “Ndege ndi zanu, ndilipirenji ine?” Anayankha mwaulemu ndithu: “Ena tikawaphunzitsa amathawira kunja, chemwali. Mukalephera, alipo akudikira.” N'zoona, anzanga awiri anachitadi zomwezo.

Kunyumba ndinafuna kubisa, koma ababa anaona nkhope yanga. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, “Nyumba ino tigulitse. Ine ndi amayi ako tikakhala kumudzi.” Kumudzi kwake kuti? Agogo anachoka ku Mozambique ababa asanabadwe. Puloti ya ku Chileka inapita kale, ndi imene inandilipirira sukulu yoyendetsa ndege. Amayi anangopitiriza kusita malaya amodzi omwewo.

Ndakana, koma ababa ati Loweruka kubwera munthu kudzaona nyumba, ndifune ndisafune. Ndikavomera, ndawachotsa m'Chilobwe muno atakalamba. Ndikakanitsitsa, puloti ija inapita pachabe.

Panopa ababa ali panja, abwereka makwerero kwa aneba, akuti apente khoma lakumaso wogula asanafike. Miyendo yawo imanjenjemera masiku ano. Sindikudziwa ngati ndituluke ndikawatsitse, kapena ndikawagwirire makwererowo...