Mchere wa Pakhomo

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Zengeza, ku Zimbabwe, tikudzuka, BP yanga yatsikako.

Lamulungu masana mwana wanga Rudo anabweretsa filimu ya mzukwa ija tinkaonera pakaseti, aikonzanso mwatsopano. Mu yakale ija mzukwa sunkaoneka, unkangogogoda, ife n'kubisala kumbuyo kwa amayi, iwo n'kuwaza mchere pakhomo kuti usalowe. Yatsopanoyi ndi magazi okhaokha. Rudo anakuwa, n'kundifunsa m'Chishona ngati sindikuopa, "Hamutyi here, mhamha?" Ndinati sindikuopa. Chimwalirireni amayi, palibe chondiopsa, palibenso chondiseketsa.

Itatha, Rudo anatapa mchere kuti awaze pakhomo ngati agogo ake. Ndinamugwira dzanja. Amayi akafuna kudzagogoda, asapeze chowatchinga.

Munditumizireko chithunzi chawo chija. Ambuye akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Esinati