Mfuti Zimene Zinamveka pa Maliro a Anwari

Old Airport, Doha, Qatar
Okutobala 2020

Kwa: Amalume a Sudi Bakali, mwini mbumba
Kudzera kwa: Ankhoswe a mbali zonse ziwiri, Mangochi

Olemekezeka Amalume,

KUFOTOKOZA ZA PHOKOSO LIMENE LINAMVEKA PA FONI TSIKU LA MALIRO

Asalamu alaikumu. Poyamba ndifuna kudziwa za moyo wanu, wa amayi ndi mwendo wawo uja, ndiponso wa mwana wanga Umi. Ine kuno ndili moyo, Alihamudulila. Korona sinandigwire.

Monga mwa mutu uli pamwambawu, ine Rehema, mkazi wa malemu Anwari, ndalemba kuti ndiyankhe nkhani imene ikuyenda kumeneko, yakuti pa tsiku lolira mwamuna wanga ine ndinali kuonera mafilimu. Ndamva kuti Umi anauzidwa zomwezi, ndipo n'chifukwa chake akukana kulandira foni yanga. Ndikupempha kuti kalatayi iwerengedwe pa sadaka ya arubaini, ya masiku makumi anayi, iye ali pomwepo.

Choyamba, ntchito yanga. Ndimasamala nkhalamba ya m'nyumba muno, bambo awo a Madamu abwana anga, amene tonse timawatchula kuti Baba. Sayenda, ndipo makutu anafa. Lamulo ndi lakuti asasiyidwe okha. Kuyambira pamene korona inatseka mizikiti ndi kuletsa alendo, ntchito yawo ndi TV basi. Amaonera masewero akalekale a apolisi a kwa azungu, a zithunzi zakuda ndi zoyera, amene ankawaonera ali mnyamata. Rimoti amaigwira ngati tasibihi, mikanda yopempherera ija. Mawu amakweza mpaka mapeto.

Masewerowa amayenda mofanana. Munthu amawomberedwa koyambirira. Amagwira pachifuwa n'kugwa bwinobwino, magazi osaoneka kwenikweni. Kenako pamabwera bambo wa chikhothi ndi chipewa, amazunguliza mtembo ndi choko, n'kupita kukafunsa mkazi wa malemuyo mafunso mwaulemu. Isanakwane nthawi ya swala ina, wakupha uja wagwidwa. Baba amamenya mkono wa mpando n'kunena kuti khalasi, kutanthauza kuti zatha. Masiku oyamba mfutizo zinkandidzidzimutsa. Pambuyo pake ndinkawadyetsa phala mfuti zikulira, supuni osagwedezeka.

Chachiwiri, imfa. Anzake a Anwari ku Joni ananditumizira vidiyo ya kamera ya mu shopu imene ankagwiramo ntchito. Ndinakaionera kubafa. Ilibe mawu, ndipo ndi yakuda ndi yoyera ngati za Baba zomwe. Mukulowa amuna awiri a mfuti. Anwari akukweza manja. Kenako sakuonekanso, ali kuseri kwa kauntala, pakungooneka silipasi imodzi. Ndinadikira kuti wa chikhothi alowe. Vidiyo inatha. Ndinasamba m'manja n'kupita kukawatembenuza Baba. Mpaka lero palibe wapolisi amene wandifunsa ngakhale dzina.

Chachitatu, chifukwa chimene sindinalirire. M'nyumba muno munali mnzanga wa ku Uganda, dzina lake Winnie. Tsiku lina anadzuka maso ali psuu, mamina akutuluka. Madamu sanafunse zambiri. Anati ndi korona, galimoto inabwera, ndipo Winnie sanabwererenso. Ine ndikalira mphuno imatuluka madzi ndipo ndimatsokomola, amayi akudziwa zimenezi. Choncho ndinaona kuti ndikalira nditsatira Winnie, ndipo Umi ataya bambo ndi thandizo la mayi nthawi imodzi. Nthawi imeneyo sindinauze aliyense m'nyumba muno za imfayi.

Tsiku limene munasonkhana kulira, alamu anga a Rabia anaimba pa vidiyo. Anati foni aikweza m'mwamba kuti namfedwa alire pamodzi ndi azimayi anzake monga mwa mwambo. Anali masana. Madamu anali m'chipinda choyandikana, Baba ali pa sewero lawo, ine wosatha kuwasiya. Ndinaima pakona nditavala masiki. Ndinawaona apongozi anga ali pamphasa. Ndinatsegula pakamwa. Nthawi yomweyo pa TV anayamba kuthamangitsana pamwamba pa nyumba, mfuti zikulira, ndi nyimbo yake yomwe. Ndinaona azimayi akusiya kulira mmodzimmodzi. A Rabia anandifunsa ngati ndikuwaseka. Kenako foni inaduka.

Zimene munamva ndi zimenezo. Sindikukana kuti zinamveka.

Pa nkhani ya eda, yoti namfedwa akhale m'nyumba, dziwani kuti ndikuisunga. Sindinatuluke pageti chiyambireni korona. Sindidzola, sindivala zowala. Palibe kusiyana ndi mmene ndinkakhalira kale, mwina n'chifukwa chake sizikuoneka.

Pomaliza pali chinthu chimene ndikanatha kuchisiya, koma kalata ya umboni siyenera kukhala ndi mbali yobisika. Sabata yatha Madamu anandipeza ndikuonera vidiyo ya mu shopu ija, ndipo ndinawauza zonse. Sanakalipe. Anati malamulo a ntchito asintha, ngati ndikufuna kupita kwathu kapena kusintha ntchito iwo sangandiletse. Ndinayankha kuti ndege zikuvuta, ndikhala. Iwo anawalembera Baba papepala zimene zachitika. Baba anawerenga, anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kuzimitsa TV okha. Rimoti anaiika m'dzanja langa.

M'nyumba munati zii. Tinkangomva kulira kwa makina oziziritsa m'nyumba. Tsiku limenelo linatha choncho, lotsatira lakenso. Baba ankayang'ana khoma, ine ndinkayang'ana Baba. Chakudya chinkandikanika kumeza.

Amalume, TV ija ndinaiyatsanso ndine. Baba sanapemphe. Ndinakhala pansi pafupi ndi mpando wawo n'kuonera mpaka munthu wa mfutiyo anamumanga unyolo. Ndikuchita chimodzimodzi tsiku ndi tsiku, ndipo akamugwira ndimatha kudya. Sindikudziwa ngati ndi tchimo kwa munthu amene ali pa eda. Mundifunsire kwa a shehe. Misozi sinabwerebe.

Tsono nkhani ili motere. Tsiku la maliro sindinali kuonera. Panopa ndiye ndikuonera. Umi auzidwe zonse ziwiri mmene zilili, musachotsepo kanthu pofuna kundikometsa. Akamva, asankhe yekha. Ine ndidzaimba Lachisanu lotsatana ndi sadaka, ndipo foni ikhale pamalo poti akhoza kuifikira. Musamukakamize.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa apongozi anga ndi kwa a Rabia. Allah akusungeni nonse, ndipo amuwalitsire Anwari manda ake ku Joni kumene anaikidwa.

Ndikulumbira pamaso pa Allah kuti zonse ndalembazi ndi zoona, sindinaonjezere ndipo sindinachotse.

Ndine mphwanu womvera,

Rehema Waziri Bakali