Dzina lanu lili m'dziko lopsa

Amayi, kodi kumene muliko zikuyenda bwanji? Kuno ku Pembamoyo tilipo. Dzanja lolembali ndi la apongozi anu, akazi angawa, pakuti ine ndi pensulo sitinayanjanepo, koma mawu ndi anga, ndipo ndawauza asachotsepo ngakhale limodzi.

Chikuikireni m'manda, mvula yagwa bwino. Nsawa zinabereka, chimanga chokha n'chimene chinachepa chifukwa fetereza anabwera mochedwa. Ng'ombe yanu yamawanga ikutsimphina, koma ngolo ikukokabe. Mdzukulu wanu Tereza wachira, mwana wamkazi, mphuno yanu yeniyeni. Akadali m'chikuta. Abale onse akuyang'ana ine, mwini mbumba, kuti mchombo ukagwa ndim'patse dzina lanu. Pamenepa ndi pamene pandivuta.

Mlongo wake wa Tereza, Gelevazio, atabwera ku maliro anu sanabwererenso ku Lusaka. Anakhazika sola padenga, n'kutulutsa kompyuta. M'menemo muli masewera, ati gemu. Dziko lake linatha, Amayi: nyumba zopsa, mitengo yopanda tsamba, madzi oti ukamwa umadwala, agalu aakulu ngati ana a ng'ombe. Iye amayendetsamo munthu mmodzi, kutola zitini ndi misomali, kufunafuna anthu otsala. Munthuyo ndi mkazi, ndipo anam'tcha dzina lanu. Sanafunse aliyense.

Munkati dzina ndi nsalu, silivalidwa ndi anthu awiri tsiku limodzi. Nanga ndim'veke bwanji khanda nsalu yomwe mwiniwake amafa kawirikawiri? Ndinaona ndekha: agalu kum'gwetsa, Gelevazio kudina kabatani, mayi uja n'kudzukanso ngati palibe kanthu. Kodi si kuitanira mwana tsoka kumeneku?

Ndinam'lamula kuti alichotse. Akuti silichoka pokhapokha afafanize zonse, pomwe mayiyo wakumba kale chitsime, wamanga mpanda, ndipo ana amasiye atatu akudalira iye. Akamafotokoza maso amachita kuwala, malovu kulakatika, ngati akunena za munda wake weniweni. Kuti ndim'nene ulesi sindingathe, m'mawa amalima kuposa ine. Ndinanyamula mpini kuti ndiswe chinthucho. Sanandigwire dzanja. Anangonena kuti pamene munkamwalira iye anali kutali, ndiye uku n'kumene amakuperekezani. Mpini ndinautsamiritsa kukhoma.

Tsiku lina masana ndinakhala kumbuyo kwake kuti ndipeze pom'tsutsira. Mayi uja anali kukwera chitunda, katundu kumsana, chowerama pang'ono, monga munkachokera kuchigayo. Kuseri kwa basi yopsa kunatulukira chigalu. Ndinangozimva ndikukuwa kuti thawani Amayi! Ine, mwamuna wa imvi, amene sindinagwetse msozi ngakhale pamanda panu. Apongozi anu akuseka pamene akulemba izi. Aseke, koma alembe.

Ndinakafunsa akatekisiti, akuti ndi chithunzi chabe, ndisavutike. Akuluakulu anzanga pansi pa mtengo akuti ndiphe nkhuku. Onsewo sanakuoneni mukukwera chitunda chija. Munkati mutu wanga ndi mwala, madzi salowa. Lero mwalawo wasowa pogwera. Ndikam'patsa mwana dzinalo, n'kudzatentha thupi usiku umodzi wokha, ndidzati ndine ndam'pha. Ndikam'mana, dzina lanu lithera m'makina a batire. Kutulo simubwera kudzandiuza, chonsecho muli moyo simunkasowa chonena.

Gelevazio akuti kutsogolo kuli mtsinje, tsidya lake kuli msipu ndi anthu amoyo, ndipo mayiyo akaoloka ndi ana aja gemu yatha, safanso. Ndam'funsa kuti ndi liti. Akuti sadziwa, mlatho wake ngwovuta, mayiyo wagwapo kale kambirimbiri. Mchombo nawo wayamba kuuma, sudikira munthu.

Ndauza Tereza kuti mwana atuluka m'chikuta wopanda dzina. Analira, apongozi ake akung'ung'udza, koma ndanena ndanena. Tsiku lililonse ndikaweruka kumunda ndizikakhala kumbuyo kwa Gelevazio, ndizim'lozera kumene kukubwera agalu, pakuti maso anga akuonabe patali. Limbani mwendo, Amayi. Tsiku limene mudzaponde tsidya, ndidzam'nyamula mwanayo ndi manja angawa n'kumuitana dzina lanu anthu onse akumva.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Sitefano