Njenje Wapita ku Hewe

Okondedwa azakhali,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino ku Dedzako. Kuno ku Rumphi tilipo, mvula yayamba, ndipo ana kusukulu akundisokosa monga mwa masiku onse.

Galu amene ndinamutola kuseri kwa msika, chingwe chitamudya m'khosi, ndamupezera pokhala. Ndinamutcha Njenje chifukwa munthu akangotukula dzanja, iye amanjenjemera. Anthu awiri anabwera kudzamuona, koma iye anabisala kunsi kwa bedi, iwo n'kumati, "Galu wamantha chonchi angalondere nyumba?"

Loweruka kunabwera a Rodney Gondwe, mlimi wa fodya wa ku Hewe, amene akazi awo anamwalira chaka chatha. Iwo sanamuitane. Anangokhala pansi pakhonde atamufulatira, n'kumaswa mtedza. Patapita nthawi, Njenje anatuluka yekha n'kukanunkhiza nsapato zawo.

"Yewo, mama," anatero a Gondwe motsitsa mawu, akundithokoza m'Chitumbuka. "Kwanga kuli zii chomene. Tizolowerana pang'onopang'ono."

Anandifunsa chifukwa chimene ndikumuperekera, ine ndinangoti ndili ndi ulendo wa ku Mzuzu. Adokotala akuti ndikagonekedwe kuti akaonenso chotupa chija, koma tsiku lotuluka sananene. Amayi musawauze kaye, mtima wawo mukuudziwa.

A Gondwe anakwera naye matola atamufungatira m'jekete. Njenje sanandicheukire, ndipo ndinathokoza Mulungu kuti sanatero. Iwo ati ndikabwerako ndipite ndikamuone, ine ndavomera.

Mukapeza mpata mwezi uno, azakhali, bwerani. Musadikire kukolola.

Ine mwana wanu,
Anesi