Nkhata Yolukidwa Chamanzere

Zawady, 4 Novembala 2016

Wokondedwa Bronia, mng'ono wanga,

Akundilembera kalatayi ndi Danuta, mwana wa malemu Kazik wa kuchigayo uja, Danuta yemwe uja ankatibweretsera makalata pa njinga. Anapuma ntchito, ndiye masana amabwera kudzandimwera tiyi ndi kundilongolola kuti ndikuchulutsa mchere. Ndamuuza kuti alembe mmene ndikulankhuliramu, asakometse. Ukaona mawu apamwamba, udziwe kuti si anga.

Ine ndilipo, koma mawondowa. Adokowe anapita kalekale, mbatatesi tinakumba, kabichi ndaviika migolo iwiri ngakhale ndili ndekha, manja anazolowera. Dzana tinali kumanda kukayatsa makandulo kwa amayi, kwa abambo ndi kwa mwamuna wanga Walenty. Ina ndinayatsa m'malo mwako.

Buku limene analemba mdzukulu wako Mirka linafika, lomasuliridwa m'chilankhulo chathu. Kulemera kwake ngati njerwa! Pachikuto pali mtsikana watsitsi lofika m'chiuno atagwira lupanga, koma chovala chakecho, m'nkhalango yathu ino udzudzu ungamumalize tsiku limodzi. Danuta wakhala akundiwerengera milungu itatu tsopano. Mirkayo umuuze kuti mutu ali nawo. Mtsikana uja kudutsa nkhalango zitatu kufunafuna bwenzi lake, mzimu wa m'nkhalango kumusocheretsa, iye n'kuvala malaya chotembenuza kuti apeze njira, ndendende mmene ankachitira amayi akasochera kozula bowa. Ine ndimangoti eee, Bronia sanaiwale kanthu. Koma umuuzenso kuti kamzimu ka kuseri kwa mbaula kamene wakalemba m'bukumo sikapatsidwa vinyo ayi. Ndi mkaka ndi kachibenthu ka buledi basi. Vinyoyo tikanamutenga kuti ife?

Zopsompsonana ndiye zachita kunyanya. Danuta akafika pamenepo amatsokomola, n'kutsegula masamba awiri nthawi imodzi.

Ndimati, "Iwe, walumphatu."

Iye amati, "Azakhali, apa angofotokoza za nyengo."

"Nyengo yofiiritsa makutu akowo? Bwerera! Ine ndakhala pabanja zaka makumi asanu, palibe chondiopsa."

Tsono Bronia, ndafika pa chimene ndikukulemberacho. Lachiwiri lapitali tinafika pamene bukulo likunena mmene mnyamatayo anasowera. Akuti linali tsiku la Yohane Woyera, atsikana akuponya nkhata zamaluwa mumtsinje, anyamata akudikira kumunsi, monga mwa mwambo wathu kuti amene wavuula nkhata yako ndiye wako. Mnyamatayo anavuula nkhata ya mtsikana walupanga uja, n'kufuula kuti ndi ya ndani. Mkazi wam'madzi, mwa aja okokera amuna pansi pa mtsinje, anatulukira m'bango n'kunena kuti ndi yanga. Ndipo akuti nkhatayo inali yolukidwa chamanzere.

Ndinamuuza Danuta kuti atseke bukulo.

M'mudzi monse muno wamanzere unali iwe wekha. Danuta wasiya kulemba, akungondiyang'ana. Lemba iwe, ndakuitanira zimenezo.

Chaka chimenecho ine ndinali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, iwe khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndipo azimayi anali atayamba kale kunong'ona kuti Lodzia watsalira. Nkhata yanga inakodwa m'mizu ya msondodzi pafupi pomwe ndinaiponyera, ndinaiona ndi maso angawa ikumira. Iwe utangoponya yako, unathamangira kukapirikitsa ng'ombe yathu imene inalowa m'munda wa ansembe. Walenty anatuluka m'madzi buluku lili chuchuchu, nkhata yako ili m'manja, n'kunena kuti, "Ya ndani iyi?" Ine pakamwa panangotseguka pokha, ndinati ndi yanga. Pamene umabwerera, anzathu anali akuimba kale, atandiveka nkhatayo kumutu. Unaiyang'ana, unandiyang'ana ine, osanena kanthu. Paukwati wanga unavina. Patapita zaka zitatu unakwera sitima kupita ku Adelaide kukakwatiwa ndi munthu amene unangomuona pachithunzi.

Zaka zonsezi ndinkadzitonthoza kuti mwina sunaizindikire, poti kunali chisisira. Makalata ako a Khirisimasi sanatchulepo. Koma mwana wobadwira kutsidya kwa nyanja angadziwe bwanji za nkhata yamanzere, ngati sunamuuze ndiwe?

Pali chinanso, ndipo ichi n'chimene chikundilemera. Ukudziwa kuti Walenty moyo wake wonse anali woluka madengu. Mlungu wake womaliza, ndikumumwetsa msuzi, ndinamuululira, kuopa kuti angapite nalo bodza langa kumanda. Anaseka mpaka kutsamwa.

Anati, "Lodzia, chitsiru changa iwe, ine woluka madengu ndilephere kusiyanitsa dzanja lamanja ndi lamanzere? Ndinachita kuisankha pakati pa zonse zija. Ndinaisambirira."

Ine ndinati, "Nanga osanditsutsa bwanji?"

Iye anati, "Ndikuchititse manyazi pamaso pa mudzi wonse? Ndinkadikira kuti mwini wake anene. Anabwera, anaiona, anakhala duu. Ndinati basi, sakundifuna."

Kenaka anandigwira dzanja n'kunena kuti sanadandaulepo, ndipo ine ndimamukhulupirira, chifukwa anali munthu woti pogulitsa dengu lopotoka ankayamba ndi kumuonetsa wogula popotokapo. Tinakhala bwino, sindinama. Koma amene anamusambirira tsiku lija unali iwe, Bronia. Mawu amenewa ndi ako. Ndakhala nawo zaka khumi ndi chimodzi osakupatsa, ndiye kuti ndinakubera kawiri. Pepa, mwana wa amayi anga. Unakhala chete kunditeteza ine, iyenso anakhala chete kunditeteza ine, ndipo ine ndinangokhala pakati panu n'kumanenepa.

Bukulo latsala masamba makumi atatu. Danuta anakalimaliza kunyumba kwake mobisa, kusaugwira mtima, moti pano pakamwa pakumuyabwa.

Dzulo anati, "Azakhali, ndingokuuzani pang'ono chabe."

Ine ndinati, "Ukatsegula pakamwapo, tiyi wanga wathera pomwepo."

Sindikufuna kumva kwa pepala chimene chinamuchitikira mkazi wam'madzi uja. Ndikufuna ndimve kwa iwe. Danuta alemba nambala ya foni yake pansipa. Lamulungu lililonse tikachoka ku Misa ndizikhala kwa iye, pafupi ndi foniyo. Akuti kwanuko amakhala madzulo, ndiye sunganamizire tulo. Ngati anamudula mutu ndi lupanga lija, undiuze choncho, ndipirira. Bola ndimve mawu ako, ngakhale ondikalipira. Pajatu kukalipa unkakutha.

Undiperekere moni kwa ana ako onse ndi kwa apongozi ako. Ndinakukonzera bowa wouma mkanda wathunthu, wa kunkhalango ya kuseri kwa manda, koma Danuta akuti kwanuko salola kuti alowe, ndiye ndamupachika pakhoma mpaka udzanene chochita naye. Mirka umupsompsone pachipumi. Umuuze kuti akadzalemba buku lina, asaiwale kuti mkazi wam'madziyo nayenso anali ndi mng'ono wake amene ankagona naye pabedi limodzi n'kumamuthetsa mpweya ndi miyendo yozizira, ndipo kuti pansi pa mtsinjepo ankamusowa tsiku ndi tsiku.

Ndatopa tsopano, mawu akuthera pakhosi. Ndikapumule kaye. Kamtanda kali pansipa ndalemba ndi dzanja langa.

Ndine mkulu wako, ngati ukundilolabe,

Lodzia +