Buku la Ufa la Lilly

Loweruka, 7 Disembala

Agawa katundu wa Delia lero. Mkulu wanga yense wathera pamphasa ziwiri: zitenje uku, mapoto uko, nsapato za kutchalitchi pakati. Amalume a Mateyo kuitana maina ngati pogawa feteleza. Anthu amene kuchipatala sanapondeko n'komwe, lero manja tambasu. Ine andipatsa ambulera. Ambulera!

Lilly ndinamutumiza kwa aneba. Mwana wa zaka zisanu asaone diresi la amake likuyesedwa pathupi la wina.

Lamulungu, 8 Disembala

Buku la ufa kulibe. Ndasanthula nyumba yonse. Ndi lija la zithunzi limene mlendo wina anasiya kukampu ya alendo oona nyama kumene amaphika Oliver, bambo a Lilly, iye n'kubweretsera mwana wake. Nyumba zoyaka nyale, ana ovala majuzi onenepa, pansi ponse mbuu ndi chisanu cha kwawoko. Lilly amati ndi ufa. Delia ankamuwerengera madzulo alionse, ine ndili ku Chipata kusukulu.

Ndakumbukira mochedwa: linali m'beseni la buluu, pansi pa mabulangete. Beseni lapita ndi azakhali a ku Msoro.

Lilly za amake safunsa. Amangofunsa bukulo. Chichitikire maliro sanasekepo.

Lachiwiri, 10 Disembala

Wabwera Oliver. "Mwaswera bwanji, ba mulamu." Ine kupitiriza kukwecha poto.

Kampu yatsekedwa chifukwa cha mvula, ndiye wakumbuka kuti ali ndi mwana. Mu Okutobala, mkazi wake akubanika kupuma, iye anali kutchire kuphikira alendo supu. Akuti abwana anati adikire alendowo anyamuke kaye. Anafika anthu akutsuka makasu a kumanda.

Tsopano akufuna kupita naye Lilly ku Mansa, kwa amayi ake, akayambe sukulu mu Januwale. Ndinayang'ana amalume kuti amuuze za kwathu kuno, kuti mwana ndi wa kuchikazi. Ananenadi, koma n'kuwonjezera: "Komatu mwana sitimumanga chingwe. Tione kumene mtima wake ukhazikike." Amalume sadziwa kukana munthu wobwera ndi paketi ya shuga.

Ndikalipeza bukulo mwana akhazikika kuno. Basi.

Lachinayi, 12 Disembala

Msoro. Njinga yamoto, matope mpaka m'mawondo, msana ngati andimenya.

Ndalowa m'nyumba mwa azakhali, maso kukhoma, ndinangoti kakasi. Alithothola buku lonse n'kumata masamba ndi phala, pakati pa kalendala ndi chithunzi cha ukwati. "Lakongoletsatu, Jenny, taona." Nditanena chimene ndadzera nkhope inasintha. Akuti za womwalira zikagawidwa sizibwerera m'nyumba, kodi ndikufuna mwana azilota amake?

Ndinati, "Azakhali, beseni mwatenga, mabulangete mwatenga. Bukuli ndi la Lilly. Lilly sanafe."

Ndinamatula ndekha ndi mpeni wa kukhitchini. Ena anang'ambika, limodzi linakanirira, ndalisiya konko. Akuti ndilibe mwambo, sukulu inandiwononga. Alembe zimenezo pakhomapo, malo ndawasiyira.

Lachisanu, 13 Disembala

Ndasoka masamba ndi ulusi wakuda, ndiwo unalipo. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Ndikuwerenga Chingerezi mzere umodzi, kenako kumasulira: banja lina likudikira alendo pa Khirisimasi, msewu watsekeka ndi chisanu. Lilly chala m'kamwa, maso pazithunzi.

"Amayi aang'ono, si choncho."

"Nanga n'chotani, mama? Ndiuze."

Anatseka buku bwinobwino n'kukakhala kuseri kwa nyumba, kuyang'ana khoma.

Ndinawerenga zolembedwazo ndendende, osaphonya liwu. Kaya si choncho pati.

Loweruka, 14 Disembala

Mvula tsiku lonse. Lilly wadya mango limodzi, basi.

Lamulungu, 15 Disembala

Oliver anabweranso anthu atatuluka m'tchalitchi. Sindinamupatse mpando, anakhala pa mtondo. Lilly analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi buku, n'kumuikira pamiyendo.

Iye anatsegula. Mawu olembedwa sanawayang'ane n'komwe. "Tsiku lina," akutero, "chigayo cha kumwamba chinaphulika, ufa n'kuyamba kugwa dziko lonse." Akuti anthu avala magolovesi kuti awole ufawo osaudetsa. Galu wa m'chithunzi dzina lake Boston. Mdala wonenepa wa thumba uja ndi wakuba, wabwera kudzatapa ufa wa eni, n'chifukwa chake akudzera padenga. Ndipo akamuona amayi a m'nyumbamo amati, "Asa! Bambo inu, manyazi mulibe?"

Asa. Mmene Delia ankanenera, kukoka mapeto ake. Ndinagwira chitseko.

Pofika pa tsamba lotsala ku Msoro sanaime, anangopitiriza za m'mutu. Lilly n'kumugwira mkono: "Mwadumpha, adadi. Boston ayetsemule kaye." Bambo wamkulu uja anayetsemula ngati galu, kawiri. Lilly anaseka mpaka kugwa chagada m'matope. Oliver misozi chuchuchu, koma nkhani osaisiya.

Pochoka ndinamufunsa, maso kumbali, kuti anaidziwira kuti. Akuti Delia ankajambula mawu pafoni akamawerengera mwana, n'kumutumizira. Iye ankakwera pachulu kuseri kwa khitchini kusaka netiweki. Zonse akadali nazo. Anafuna kutulutsa foni, ndinati ayi.

Sindinamukhululukire. Makasu aja ndinawaona ndi maso anga.

Lolemba, 16 Disembala

Amalume anandiitana. "Iwe ndiwe mayi wake tsopano. Ukakana zoti apite ku Mansa, ine ndikana nawe." Lero ndiye alimba mtima, nkhalamba iyi, pamene sindikufunanso.

Ndati ndiyankha mawa. Ndachapa zovala zonse za Lilly. Sizinali zakuda.

Lachiwiri, 17 Disembala

Ndayankha.

Lachinayi, 19 Disembala

Ndawaperekeza Lilly ndi Oliver pokwerera basi pa Mfuwe. Tsitsi ndinamuluka dzulo, timizere tating'ono kuti tikafike mpaka Januwale. Njira yonse Lilly kulongolola, kufunsa ngati ku Mansa kuli njovu.

Oliver ndinamuuza zonse ndili chiimire, mofulumira, ngati ndikukalipa. Therere sadya, musamukakamize. Neti muziipinda pansi pa matiresi, amagubuduka. Akati mutu, musadikire abwana aliyense, thamangani naye kuchipatala. Apo anawerama. Chabwino, awerame.

"Ba mulamu, mudzabwere pa Isitala. Amayo akufuna kukuonani."

"Foni muziyankha," ndinatero.

Lilly anandipsompsona patsaya mothamanga, akuopa kuti wina amulanda pawindo. Basi ikunyamuka anali atatsegula kale buku, akuonetsa mayi wina wapampando wakutsogolo. Anakweza dzanja basi itapitirira, kaya kwa ine kaya kwa wogulitsa nthochi.

Ndafika kunyumba, foni kulira. Oliver. Palibe moni, palibe chilichonse, mawu ojambulidwa okha, ndandanda. Ndinazungulira bwalo, ndinatunga madzi amene sindikuwafuna, ndinathamangitsa nkhuku za eni. Kenako ndinadina loyamba.

Phokoso la mbale. Katsokomola ka Delia kaja. Ndiyeno: "Iwe, tasiya kuzungulira, khala pansi tiyambe."

Ndinakhala pansi.