Chivindikiro Chinali M'thumba Mwanga

Hanamaki,
9 Okutobala

Wokondedwa mwana wanga Chizuru,

Ndikhulupirira uli bwino ku Winnipeg kumeneko, ndipo chisanu sichinayambe kukuvuta. Kuno tili bwino. Mpunga tinakolola mvula isanabwere. Bondo langa ndi lomwe lija.

Akulemba kalatayi ndi mayi ako aang'ono a Mitsue, poti sukulu ine ndinaisiyira panjira, ukudziwa. Ndawauza kuti alembe mawu anga okha, asathiremo mchere wawo.

Yatha miyezi isanu ndi iwiri tisakulankhulana, chiyambire tsiku lija ndinakuuza pa foni kuti mzungu sadzalowa m'banja la Oikawa. Tsono imva zimene zachitika.

Lachiwiri la sabata yatha, masana, m'lesitilanti yathu munalowa mnyamata wamtali, chikwama chachikulu kumsana, nsapato zili fumbi lokhalokha. Akuti akuyenda wapansi ndi pa basi, kugona m'tenti. Ndinamuzindikira asanakhale pansi. Ndi Desmond wako, wa pa chithunzi chija ndinati ndataya. Sindinataye.

Anafuna kunena kanthu, koma ndinamudula. Ndinamufunsa ngati wabwera kudzadya kapena kudzayeza denga langa ndi mutu. Analoza chakudya chotchipa kuposa zonse. Ndinamuuza kuti lero wanko ndi mtengo womwewo. Linali bodza.

Mwambo wa wanko unakulira momwemo. Soba, chakudya chathu chija chonga tizingwe, amabwera pang'onopang'ono, womeza kamodzi, wothira ataima pambali. Ukangomeza akuthirira wina, mpaka utavindikira mbale yako. Tsikulo othira anali mayi ako aang'ono. Chivindikiro cha mbale ya mnyamatayo ndinachichotsa patebulo n'kuchiika m'thumba la epuloni yanga.

Ndinkafuna akwiye, kapena asiye chakudya m'mbale, kuti ndipeze chokuuza.

Chakudya chathu sanachizolowere. Timitengo todyera ankagwira ngati akukumba mbatata. Chilazi chonanda chija anachiyang'ana nthawi yaitali asanachimeze, ndipo nsomba yaiwisi anaipaka wasabi wambiri, wowawa ngati tsabola uja, mpaka misozi. A Kumagai a kumalo ometera anali pomwepo, akuwerenga mokweza mbale zimene wamaliza. Ankati ameneyu akudyera ndi mawa lomwe, tisamulole kubweranso, angatigwetsere bizinesi. Ine ndinaseka nawo.

Atafika pa mbale makumi anayi anayamba kufunafuna patebulo. Ananyamula kapu, anasuzumira pansi. Pamenepo ndinadziwa kuti unamuphunzitsa za chivindikiro. Kenako maso ake anagwera pa thumba langa, pomwe chinatukumuka. Anachiona, Chizuru. Anandiyang'ana, n'kutambasulanso mbale kuti amuthirire.

A Kumagai anasiya kuwerenga. Ine sindinasiye kuphika.

Pa makumi asanu ndi awiri ndi mphambu zitatu, mayi ako aang'ono anaika thireyi pansi. Anandiuza kuti alamu, ngati mwaganiza zopha munthu, thirani nokha. Anavindikira mbale yake ndi dzanja lawo.

Mnyamatayo anatuluka mwaulemu n'kupita kuseri, ku ngalande. Tonse tinamva. Anabwerako atasamba kumaso, anawerama, n'kuthokoza chifukwa cha chakudya m'chilankhulo chathu, ndi mawu oloweza pamtima. Anawonjeza kuti msuzi wanga uli monga unamuuzira iwe. Analipira, anabereka chikwama chake, n'kukwera basi ya 3 koloko. Chimene anadzera sananene, poti sindinamupatse mpata.

Ndaphika zaka makumi asanu ndi chimodzi. Anthu ndakangana nawo ambiri, koma ndinali ndisanamenyepo munthu ndi chakudya.

Ndikanatha kukhala chete. Koma mayi ako aang'ono akuti unawaimbira Lamulungu uli wokondwa, ukunena kuti Desmond wakuuza kuti bambo anamulandira bwino, anamudyetsa mpaka kukhuta. Mnyamatayo anandibisira manyazi anga kwa mwana wanga yemwe. Sindingalole kuti uzindikonda chifukwa cha bodza la munthu amene ndinamuzunza.

Kupepesa sindinazolowere. A Mitsue agwira cholembera m'mwamba, akuti salemba china mpaka nditanena. Chabwino. Ndinalakwa. Undikhululukire, ndipo umuuze kuti ndatero.

Ngati mtima wako ungalole, mubwere nonse awiri pa Chaka Chatsopano. Mawu amene anayenda nawo ulendo wonse uja adzandiuze pamaso, sindidzamudula. Yankho ndili nalo kale, koma pepala sindiliuza.

Undiperekere moni kwa makolo ake, ngati angaulandire. A Kumagai akupereka moni, nawonso manyazi awagwira. M'mawa uliwonse ndimayatsa lubani pa chithunzi cha malemu mayi ako ndi kutchula dzina lako. Makolo athu akusunge, uzivala zofunda.

Ndine bambo wako,
Oikawa Tokuji